Dzanja Lamanzere la Mayi Verline

Mbale ya Arnetha inatsala yodzaza. Anaiona yekha ili pakona pa tebulo lalitali, pansi pa mitengo ya kuseri kwa tchalitchi pamene mpingo unkadyera limodzi Lamulungu, keke ya mbatata imene anailawirira m'mamawa, yosadulidwa n'komwe. Mlamba wokazinga unatha, chikondamoyo chinatha, ngakhale nyemba zopserera za Jeanetta anthu anazikombeza. Koma keke ya mdzukulu wa Lemuel Gatewood, woimba blues, nyimbo za m'mabala zija, ayi. Kwathu kuno ku Mississippi, mayi wamkulu wa mpingo akadutsa mbale yako osaikamo supuni, amayi ena onse amaidutsanso. Ndipo Mayi Verline Hairston anaidutsa maso ali kumwamba.

Chowawa n'chakuti Mayi Verline anali mayi ake a Cleon, mnyamata amene anafunsira Arnetha ukwati miyezi itatu yapitayo. Cleon anali mwana mmodzi yekhayo, bambo ake anamwalira kalekale, ndipo ananeneratu kuti sangakwatire mayi ake asanavomere. Arnetha ankamukonda Cleon, ankamukonda zedi, moti miyezi yonseyo anapirira kukhala pabenchi yakumbuyo ngati mlendo m'tchalitchi chimene anabatizidwiramo.

"Aa, asisi, keke yanu yatsala?" Anali Jeanetta, wotsogolera kwaya, amene Mayi Verline ankamufunira mwana wawo. "Pepanitu. Kapena anthu akuopa kuti munkaphika gitala wa agogo anu akulira?"

"Yatsala, tikadya kunyumba."

"Ndamva kuti nyimbo zawo zonse akuziunjika m'bokosi limodzi. Zaka makumi anayi za uchimo, zimbale zinayi basi? Koma ndiye anazipanikiza!"

"Ndidzakusungirani bokosi limodzi, muzidzamvera pophika nyemba. Mwina sizidzapsereranso."

Jeanetta anatsonya n'kuchokapo. Koma Arnetha sanasangalale nthawi yaitali, chifukwa potola mbale yake anamva mawu a Mayi Verline kumbuyo kwake, akuuza Cleon mosatsitsa n'komwe.

"Mwana wanga, nyimbo za blues si masewera. Zimalowa m'magazi. Ine sindidzanyamula mdzukulu wobadwira m'nyumba imeneyo."

Cleon anangoti, "Mayi, anthu akumva." Sanawonjezere kanthu, ndipo kusawonjezerako n'kumene kunamulasa Arnetha.

*

Bokosi limene Jeanetta ankanyozalo linali ntchito ya Arnetha chaka chimenecho cha 1995. Kampani ina ya ku Chicago inkasonkhanitsa nyimbo za agogo ake, kuyambira zinayi zoyamba zimene anajambulitsa ku Memphis mu 1954 mpaka zomaliza zimene anaimba zala zisanaume. Agogo Lemuel maso anali atachita khungu, ndiye Arnetha ndi amene ankalemba mayina a onse amene anaimba nawo, nyimbo ndi nyimbo, kuti akasindikizidwe m'kabuku ka m'bokosimo.

Lolemba masana Cleon anaimika galimoto yake pansi pa mtengo wa pachipata. Sanatsike. Arnetha anatuluka ndi kaseti m'manja, n'kukhala pampando wa pambali pake.

"Wabwera kudzapepesa kapena kudzaona ngati ndikadali moyo?"

"Netha, usayambe."

"Ndiyambe chiyani? Amene anayamba ndi mayi ako. Iwe unangoima ngati mtengo wa magetsi."

"Ukufuna ndiwakalipire pamaso pa mpingo?"

"Ndikufuna umve chimene akudana nachocho. Sunamvepo ngakhale nyimbo imodzi, Cleon. Ukundikana chifukwa cha chinthu chimene sukuchidziwa."

"Sindikukukana."

Arnetha anakankhira kaseti mu wailesi ya m'galimoto. Munamveka kaye phokoso la chimbale chakale, kenako gitala, kenako mawu a agogo ali mnyamata, akudandaula za sitima imene inapita ndi mkazi. Pansi pa zonsezo panali piyano. Cleon anayamba wakwinya nkhope ngati munthu amene akumwetsedwa mankhwala. Mwadzidzidzi anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Bweza."

Arnetha anabweza.

"Bwezanso. Akuimba piyanoyo ndani?"

Arnetha anayang'ana papepala lake. "Little Buck. Nyimbo zinayi zoyamba zokha. Palibe amene akudziwa kumene anathera."

"Tamvera dzanja lamanzerelo. Likuchedwa pang'ono ngati munthu wotsimphina, kenako likudumpha kawiri. Ndiye kodi ukumva munthu akung'ung'udza chapansipansi, kutsatira dzanjalo?"

"Ndikumva. Ndiye?"

Cleon anatembenuka. Maso ake anali atafiira.

"Netha, ine ndakula ndikumva dzanja limeneli kuseri kwa khoma la chipinda changa m'mawa uliwonse. Munthu woimba chonchi ndi mmodzi yekha m'dera lonse lino."

*

Agogo Lemuel anali pakhonde, pampando wawo wogwedera, akusenda mtedza. Cleon atawafunsa kuti Little Buck anali ndani, agogowo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiwe mwana wa Verline, eti? Uli ndi khutu la mayi ako. Khala pansi, mnyamata."

Cleon sanakhale.

"Little Buck kunalibe," anatero agogo. "Kunali kamtsikana ka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Verline Tate, mwana wa abusa. Woimba piyano wanga anali atamangidwa chifukwa cha ndewu, ine ndili ndi tsiku lojambulitsa ku Memphis. Ndinkadutsa pa tchalitchi cha bambo ake Lachinayi masana, ndinamva munthu akuphunzira nyimbo za Lamulungu. Atatsimikiza kuti ali yekha, anasintha n'kuyamba kuimba blues. Ambuye wanga! Ndinaima pawindo, chipewa chili m'manja."

"Ndiye munamutenga," anatero Cleon.

"Anadzitenga yekha. Anauza makolo kuti akupita kwa azakhali ake, anavala buluku ndi kapusi ya mchimwene wake, tinakwera basi. Masiku amenewo anthu a m'tchalitchi ambiri ankatero. Loweruka dzina lina, Lamulungu dzina lina. Sindinamukhudze ngakhale chala, mnyamata, usandiyang'ane choncho, ndikukumva ngakhale sindikukuona. Patatha mwezi nyimbo inalira pa wailesi bambo ake ali pompo akumeta ndevu. Iwo sanazindikire, koma mwanayo mantha anamugwira. Lamulungu lotsatira anakagwada kutsogolo n'kulapa tchimo limene sanalitchule. Kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso moni."

Anatembenukira kumene kunali mdzukulu wawo.

"Unali usanafike pa nyimbo zimenezo kundifunsa, Netha, koma ndikanakuuza. Ulembe dzina lake lenileni. Nyimbo zinayi zija n'zimene zinanditsegulira dziko, ndipo si gitala wanga amene anatsegula. Kulikonse kumene ndinapita, mpaka kutsidya kwa nyanja, anthu ankandifunsa kuti Little Buck ali kuti. Ine ndinkati anamira mumtsinje. Zaka makumi anayi ndakhala ndikumumiza mwana wa eni. Ndatopa. Sindikufuna kufa ndi ulemu wa munthu wina m'thumba."

Cleon anatsika pakhondepo osatsanzika. Mawa lake Arnetha anapeza kakalata kopinda m'bokosi la makalata la pachipata.

"Netha, sindinawafunse ndipo sindingathe. Ndawamva m'mawa uno akuimba, ndatuluka osadya. Chonde usawayalutse. Ndi mayi anga. Cleon."

*

Tinene zoona, Arnetha sanali mngelo. Tsiku lonse la Lachiwiri mumtima mwake munali kachimwemwe koipa. Ankadziona atanyamula kabukuko, akukatsegula pamaso pa Jeanetta ndi amayi onse a zipewa zazikulu aja. Mayi wopatulika, wodana ndi magazi a blues! Ha! Koma akafika pa nkhope ya Cleon, chimwemwecho chinkazirala. Anaona kuti akapambana motero adzakhala atapambana yekha, m'nyumba yopanda mwamuna. Anaganizanso za kamtsikana kovala kapusi, kali pa basi ya ku Memphis, mtima uli thithithi. Kamtsikana kameneko sanathe kukada.

Lachitatu m'mawa anavala diresi yake yabwino n'kupita.

Anawapeza Mayi Verline kukhitchini akusita diresi yoyera ya Lamulungu. Sanamupatse mpando.

"Cleon kulibe."

"Ndadzera inu, Mayi."

Arnetha anaika kawailesi kakang'ono patebulo n'kudina. Gitala analira, piyano inalowa. Mayi Verline anaimika simbi chilili. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono, koma dzanja lawo lamanzere, limene linali pa thabwa lositirapo, linayamba kuyenda lokha pansalu yoyerayo. Linachedwa pang'ono, linadumpha kawiri. Ataliona analikoka msanga n'kulibisa m'thumba la epuloni.

"Zimitsa."

Arnetha anazimitsa.

"Nkhalamba ija yalankhula."

"Ayi, Mayi. Amene anazindikira ndi Cleon. Agogo anangovomera."

Apo ndiye Mayi Verline anakoka mpando n'kukhala.

"Mwana wanga akudziwa?"

"Akudziwa."

"Chabwino. Nena mtengo wako. Si chimene wadzera? Ukufuna Cleon. Ufufute dzinalo, ine ndikupatse mwana wanga. Wachenjera ngati agogo ako."

"Sindinabwere kudzagula mwamuna, Mayi. Ndikamutenga motero, tsiku lililonse mukandiyang'ana muzidzaona wakuba."

"Nanga wadzeranji?"

"Kudzakufunsani. Agogo akufuna ndilembe Verline Tate. Koma dzinalo si la agogo, si langanso. Ndi lanu. Mukati ndilembe, ndilemba. Mukati ayi, sindilemba, ngakhale Lamulungu mudutsenso mbale yanga."

Mayi Verline anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

"Ukudziwa chimene ndili mumpingo uja? Zaka makumi atatu ndaimika atsikana pamaso pa madikoni chifukwa chopezeka m'nyumba zovinira. Mmodzi anali mwana wa mng'ono wanga. Anachoka kupita ku Detroit, mpaka lero sitilankhulana. Akadzawerenga dzina langa pa nyimbo zimenezo, ndidzawayang'ana ndi nkhope iti?"

"N'chifukwa chiyani munkawaimika, Mayi, inu mukudziwa?"

"Chifukwa ndikudziwa! Iwe ukuyesa ndimadana nazo chifukwa n'zoipa? Ndimadana nazo chifukwa n'zokoma. Masiku awiri aja ku Memphis, mwana iwe, sindinakhalepo wamoyo choncho. Ngakhale tsiku la ukwati wanga. Ndinachita mantha ndi kukoma kwake. Ndinaona kuti ndikapitanso kachiwiri sindidzabwerera, ndidzafera m'mabala ngati akazi ena amene ndinawaona kumeneko. Ndiye ndinatseka chitseko n'kukhalira kiyi. Iwe ukalowa m'tchalitchi, kayendedwe kako kokha kamandikumbutsa. Si iwe amene ndimakuthawa."

Anapukuta m'maso ndi ngodya ya epuloni mwaukali, ngati misoziyo yawalakwira.

"Anthu amati chiyani za Little Buck ameneyo?"

"Amati panalibe wina woimba ngati iye. Mzungu wina analemba masamba atatu za dzanja lamanzere lokha."

"Masamba atatu," anatero Mayi Verline chapansipansi. Milomo yawo inafuna kumwetulira, anaikaniza. "Nyimbo yachitatu ndinalakwitsa pakati. Analemba zimenezo?"

"Anati munachita dala."

"Chitsiru." Anaimirira n'kugwiranso simbi. "Usalembe. Ndakupempha, Arnetha. Ndakalamba, sindingayambenso kukhala munthu wina."

Aka kanali koyamba kuti amutchule dzina.

"Sindilemba, Mayi. Ndalonjeza."

*

Lachinayi anatumiza mapepala ku Chicago, pa nyimbo zinayi zoyamba pali Little Buck monga kale. Pobwera ku positi anapeza agogo pakhonde.

"Watumiza?"

"Ndatumiza, agogo."

"Walemba monga ndinanenera?"

Chibadwire Arnetha anali asanawanamizepo agogo akewa, amene anamulera mayi ake atamwalira, amene ankamuluka tsitsi ndi zala zomwe zinkakanda gitala.

"Ndalemba."

"Hmm," anatero agogo, n'kupitiriza kugwedeza mpando. Sanafunsenso, ndipo Arnetha anathokoza mumtima kuti saona.

Cleon anaimba foni Lachisanu, Arnetha atangobwera kogula zinthu m'tauni.

"Netha, unawatani mayi anga?"

"Bwanji?"

"Dzulo anandifunsa kuti umakonda mtundu wanji wa maluwa. Ndiye Jeanetta anabwera ndi nkhuku yootcha, anamuuza kuti ali otanganidwa, asiye pakhonde."

"Nkhukuyo unadya?"

"Ndinadya, ndisaname. Inali yosapsa."

Anaseka onse awiri, kuseka kumene anali atakusowa miyezi yambiri. Kenako Cleon anatsitsa mawu.

"Sanandiuze kalikonse za Memphis, inenso sindinafunse. Koma ndikudziwa chimene wachita. Ndimaopa kuti uwabwezera. Ndikhululukire kuti ndinakuganizira zimenezo."

"Ndinafuna kutero, Cleon. Tsiku lathunthu ndinafuna."

"Koma sunatero."

*

Lamulungu Arnetha analowa n'kulunjika pabenchi yake yakumbuyo. Asanakhale, mayi wolandira alendo anamugwira mkono ndi golovesi yake yoyera.

"Akukuitanani kutsogolo, asisi."

Tchalitchi chonse chinatembenuka. Mayi Verline, ali m'diresi yoyera ndi chipewa chotambalala, anachotsa chikwama chawo pabenchi yoyamba n'kuchiika pamiyendo. Malo amenewo anali asanakhalepo munthu chimwalirire amuna awo. Arnetha anakhala. Kukwaya, Jeanetta analowa vesi yachiwiri ena onse ali pa yoyamba.

Nthawi ya zolengeza Mayi Verline anaimirira osadikira kuitanidwa.

"Abusa, madikoni, mpingo wa Mulungu. Ine ndine munthu wouma mutu, mukundidziwa."

"Nenani, Mayi!" wina anafuula kumbuyo.

"Ndinamuweruza mwana uyu chifukwa cha nyumba imene anabadwira. Sabata ino ndaona kuti ndi munthu wosunga mawu ake, woti ungamusungitse moyo wako n'kugona tulo. Mwana wanga Cleon akumufuna. Inenso ndikumufuna. Kuyambira lero ndi mwana wanga."

Mpingo unaphulika. Ena "Ameni," ena m'manja, amayi amene sabata yatha sanamupatse moni anamukumbatira mpaka kumugwetsa ndolo. Arnetha analira osabisa. Anali wosangalala, wosangalala kuposa tsiku lina lililonse limene ankalikumbukira. Potuluka Mayi Verline anamufinya dzanja n'kumunong'oneza kukhutu.

"Ndakukhulupirira, mwana wanga. Usandigwetse."

*

Cleon anamuperekeza kunyumba, dzuwa lili paliwombo. Anakwera pakhonde atagwirana manja, kuti akauze agogo monga mwambo umafunira.

"Agogo Gatewood," anatero Cleon, chipewa chili pachifuwa, "ndabwera kudzapempha mdzukulu wanu. Mayi avomera pamaso pa mpingo."

"Verline wavomera? Ee, zilikotu! Mutenge, mnyamata. Amakalipa m'mawa, koma mtima ali nawo." Anaseka, kenako anaimitsa mpando wawo ndi phazi. "Koma kunama sadziwa. Netha, Lachinayi lija unandinamiza."

Arnetha anayang'ana pansi.

"Agogo..."

"Maso ndilibe, koma makutu ndi amene andidyetsa moyo wanga wonse. Mawu ako anatsika pamene sayenera kutsika. Sindikukwiya, ndikudziwa unachitira chikondi. Koma ine ndilibe nthawi yodikira kuti Verline alimbe mtima. Dokotala wandiuza zimene wandiuza."

"Mwachita chiyani, agogo?"

"Lachisanu uli m'tauni, mnyamata wa kampani ya ku Chicago ija anaimba foni kufunsa za chithunzi cha pachikuto. Ndinamuuza zonse. Kapusi, basi, abusa Tate, zonse. Anakuwa ngati wapeza golide. Akuti dzinalo alilemba ndi zilembo zikuluzikulu."

"Ndiwaimbira mawa m'mawa. Ndiwauza afufute, sanasindikize..."

"Wachedwa, mwana wanga. Anauza kale a nyuzipepala ya ku Memphis tsiku lomwelo. Mtolankhani wawo akubwera Lachitatu ndi wojambula zithunzi. Anafunsa njira ya ku tchalitchi, ndinawalongosolera."

M'khutu mwa Arnetha munali mukadali kutentha kwa mpweya wa Mayi Verline. Anatembenuka kuti ayang'ane Cleon, koma Cleon ankayang'ana kumsewu, kumene kunali nyumba ya mayi ake. Dzanja lake linali likadali m'dzanja la Arnetha, ndipo Arnetha anamva zala zake zikumasuka, chimodzichimodzi.